Ndinakabweza ngongole ya mayi pa chilumba cha Chisi

Abale anzanga a pamsika, inu amene mumadzuka tambala woyamba n'kukakhala kuseri kwa benchi mpaka dzuwa kulowa, sabata ino tasiyani kaye kuwerenga makobili ndikutengeni pa ulendo. Za thiransipoti musade nazo nkhawa, ndinalipira kale ine.

Geni yanga ndi ya nsomba zouma pamsika wa Chinakanaka kuno ku Mulanje. Benchi yomwe ndimakhalapo inali ya malemu mayi anga omwe anatisiya mu 2019. Ndi pa benchi imeneyi pomwe ndinaphunzira zonse: kuika mulu wa matemba kuti uoneke wonenepa, kuponyera kabasera kasitomala wa masiku onse, komanso kukana ngongole uku ukumwetulira. Koma chilungamo chake n'chakuti zaka zonsezi nyanja yomwe imandidyetsa ndinali ndisanaione. Ine ndinkangopikula kwa anyamata a njinga ndi a matola basi. Ku Chilwa ankapitako ndi mayi.

Nanga chinandinyamula n'chiyani? Kabuku.

Khoma la nyumba ya mayi linagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo katundu wawo tinangomuunjika m'matumba. Patatha chaka, ndikufunafuna chikalata china, ndinapeza kope la ana a sukulu litakulungidwa m'jumbo. Linali buku la ngongole. Kutsogolo kunali mayina a anthu omwe mayi ankawakongoza, ambiri okhwatchidwa, ena osakhwatcha, ndipo amenewo Mulungu akuwaona. Kumapeto kwake kunali tsamba la ngongole zawo iwowo. Zonse zinali zokhwatchidwa kupatula mzere umodzi wokha: "Bambo a pamlambe, Chisi, matemba, K18,000, Meyi 2018."

Ndinakhala kaye pansi. Ndinakumbukira kuti chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa moti maboti anatsakamira m'matope, ndipo mayi anayamba kudwala mvula isanagwe. Kunyanjako sanapondekonso.

Mayi a kunyumba kwanga anati: "Bambo a ana, zaka 6 zonsezi mwiniwakeyo anabwera kudzaitanitsa? Tsekani bukulo, ana akufuna fizi." Sindinawatsutse, pakuti 2024 inali chaka cha njala, chimanga chitapserera m'munda ndi ng'amba. Koma atsibweni anga nditawaonetsa tsambalo anangoti: "Mphwanga, mlandu suola. Mlongo wanga asagone ndi dzina loipa kutsidya kwa nyanja."

Ndiye mu Juni 2024 ndinanyamuka. M'thumba la malaya munali envulopu ya K18,000. Mkati mwa thalauza ndinasokerera K140,000, mpamba womwe mayi a kunyumba anandikongolera ku banki m'khonde kuti ndikapikule komweko, ulendowo usakhale wongotaya ndalama. M'chikwama munali kope lija, paketi ya masamba a tiyi ndi zinanazi ziwiri.

Njira yake

Ndinachoka m'bandakucha chiperoni chikuwaza, phiri la Mulanje litadzifunditsa mitambo ngati nkhalamba ya malungo. Minibasi inanditula pa Chitakale pomwe ndinakwera ina ya ku Phalombe. Msewu uwu wochoka pa Chitakale kudzera ku Phalombe ndi Jali mpaka ku Zomba ndi uja tinkangoumva pa misonkhano ya ndale zaka ndi zaka usanathiridwe phula. Tsiku limenelo galimoto inkangoseleleka, koma zipsera za Freddy zinali zikuonekabe: miyala ikuluikulu ngati nyumba itakhala pakati pa minda ya anthu, ndi mizere yofiira m'phiri momwe napolo anatsetserekera. Mayi wina yemwe ndinakhala naye mpando umodzi anandilozera phiri la Michesi nati napolo wa 1991 uja anatsikira kumeneko. Minibasi yonse inati zii kwa kanthawi, ndi kondakitala yemwe.

Tikuoloka mtsinje wa Phalombe ndinadziuza kuti ine ndi madzi awa ulendo wathu ndi umodzi. Mvula yogwa mbali ya kumpoto kwa phiri lathu imatsika ndi mitsinje ya Phalombe ndi Sombani n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Ya ku Zomba ndi Chiradzulu imatsika ndi Likangala, Domasi, Thondwe ndi Namadzi. Choncho mukamadya matemba pa Chinakanaka dziwani kuti mukudya mvula yanu yomwe.

Ku Zomba ndinakwera matola ya ku Kachulu, doko lalikulu la mbali imeneyo, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kulowera kum'mawa. Msewu unali wafumbi ndi wamagonjo. Tinapanikizana anthu, madengu opanda kanthu, matumba a mchere, njinga ziwiri ndi mbuzi imodzi yomwe inandiponda phazi ulendo wonse popanda ngakhale pepani.

Pa Kachulu fungo limakulonjera usanatsike: utsi wowambira milamba, matemba oyanika pa thandala, matope ndi petulo wa maboti. Phokoso lake ndi la msika wa Limbe tsiku la malipiro. Madzi anali atakwera kwambiri chifukwa cha mvula ya zaka zam'mbuyozo moti nyumba zina za m'mphepete zinali zitaimirira m'madzi. Ndinagona m'kachipinda kena ka lendi, ngati kugona kumeneko n'kugona, chifukwa udzudzu wa kumeneko suimba, umachita kulalikira.

Nyanja yopanda khomo

M'mawa mwake ndinakwera boti la matabwa la injini. Woyendetsa anati tifulumire mwera usanadzuke, pakuti miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo imeneyi ikawomba masana nyanja imasanduka ina. Tinayamba tadutsa m'kanjira ka pakati pa njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, kenaka nyanja inatseguka. Ha! Madzi ake si obiriwira ngati a ku Mangochi omwe timaona pa makalendala. Ndi otuwa ngati tiyi wa mkaka wochepa masamba. Ndinalawa pang'ono kunsonga kwa chala: kamchere ndithu.

Pafupi ndi ine panakhala bambo wina wa chikwama cha mabuku, mphunzitsi wa pachilumbapo. Atandiona ndikulawa madzi anaseka.

"Achimwene, ndinu mlendo eti? Nyanja ino ilibe khomo lotulukira. Mitsinje imangothira, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi ngati momwe Shire amachitira ku nyanja ya Malawi. Kumpoto uko kuli mtandadza wa mchenga womwe unatseka njira ya ku nyanja ya Chiuta, ndipo njanji ya ku Nayuchi imadutsa pamwamba pake. Ndiye madzi amachoka ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsala."

Anandiuza kuti Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, koma ndi yosaya: malo ambiri sipapitirira mamita 2 kapena 3. N'chifukwa chake asodzi ambiri sapalasa ndi nkhafi koma amakankha bwato ndi nsungwi yaitali yofika pansi. N'chifukwa chakenso mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana nyanja imathawa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi 2018 inaphwa kwambiri. Ikauma, nsomba zochepa zimabisala m'maiwe a m'mitsinje, ndipo madzi akabwerera zimaswana mwamsanga n'kudzazanso nyanja. M'zaka zabwino zakale nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko muno inkachokera kuno.

Chapatali tinaona tinyumba ta udzu titayandama pamadzi. Amati zimbowera. Asodzi amapinda njedza n'kumanga pogona pamwamba pake, n'kukhala momwemo masabata kapena miyezi, kuphika momwemo, kuwamba nsomba momwemo. Mbalame zokhazokha mbali zonse: akakowa, atsekwe, avuwo ndi zina zomwe mayina ake ndinangowamva tsiku lomwelo. Mzungu uja David Livingstone anaiona nyanja imeneyi mu Epulo 1859, asanafike n'komwe ku nyanja ya Malawi. Ine mwana wa pa Mulanje pompa ndinachita kuiona ndili ndi imvi.

Chitsa cha phiri lamoto

Ola lisanakwane, Chisi chinali chitatiimirira kutsogolo, mapiri ake atatumphuka m'madzi ngati nsana wa ng'ombe yogona. Aphunzitsi aja anandigwira paphewa.

"Mukatsika apa mudziwe kuti mwaponda chitsa cha phiri lamoto."

Ndinayesa nthabwala, koma ayi. Nkhani yake ndi iyi. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, chiphalaphala cha miyala yosungunuka chinakwera kuchokera pansi penipeni pa dziko n'kuboola nthaka pamalo amenewa. Motowo unazima kalekale. Mvula ndi mphepo zinadya pamwamba pake mpaka kutsala khosi ndi mizu, monga momwe mtengo ukagwa chimatsalira chitsa. Mwala wambiri wa pakati pa chilumbachi akatswiri amautcha carbonatite. Ndi wachibale wa mwala wa laimu uja timaotcha kuti tipake nyumba, koma kusiyana kwake n'kwakuti uwu unachokera ku moto. Mu 1937 katswiri wa miyala wa boma la atsamunda, Frank Dixey, ndi anzake analemba za miyala ya ku Chilwa, ndipo kuno ndi komwe mwala wa mtunduwu unayamba kuzindikirika mu Africa muno. Phiri lokhalo pa dziko lonse lomwe likulavulabe chiphalaphala cha mtundu umenewu ndi Ol Doinyo Lengai la ku Tanzania.

Chomwe chinandikhudza n'chakuti Chisi ndi phiri lathu la Mulanje ndi pachibale, pamodzi ndi la Zomba. Onsewa ndi ana a moto wa nyengo imodzi. Kungoti wa Mulanje sunaphulikire kunja: unazizirira pansi n'kuuma gwa, ndipo nthaka yofewa yozungulira itakokoloka, linatsala lokha njo, mpaka pa Sapitwa pamtunda wa mamita 3,002. Alendo amalitcha chilumba cha mumlengalenga, ndipo mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse. Ndiye ine ndinachoka patsinde pa chilumba chimodzi kupita pa chinzake osadziwa.

Aphunzitsiwo anaonjeza kuti phiri la Songwe ku Phalombe ndi la Kangankunde ku Balaka ndi a banja lomweli, ndipo m'menemo muli miyala yosowa ija yopangira maginito a m'mafoni ndi m'magalimoto oyendera magetsi. Ndinayang'ana foni yanga yomangidwa ndi labala, n'kuyang'ananso phirilo. Ndinangopukusa mutu.

Mlambe uti?

Nditatsika, ndinazindikira kuti ndalowa m'mavuto. Mayi analemba kuti "Bambo a pamlambe". Abale anga, pa Chisi milambe ili paliponse! Kudoko mlambe, kusukulu mlambe, kuseri kwa nyumba mlambe. Zinali ngati kufika mu Limbe n'kumafunsa kuti kodi bambo ogulitsa kaunjika aja amakhala pati.

Safunsa anadya phula. Ndinapita pomwe amayi ankayanika matemba, ndinapereka moni, n'kuyamba kufotokoza: mayi wa ku Mulanje, wamfupi, wa mpata kumano, ankabwera kudzapikula zaka zambiri mpaka 2018. Anangondiyang'ana. Wina anafunsa ngati ndine wapolisi. Wina anati a ku Mulanje amabwera ambiri. Thukuta linayamba kutuluka ngakhale kunali kozizira. Potsegula chikwama kuti nditulutse kope, chinanazi chimodzi chinagubuduka n'kugwera pansi.

Gogo wina yemwe anakhala chete nthawi yonseyi anaomba m'manja.

"Mayi wa zinanazi uja! Ankatibweretsera zinanazi ndi tiyi. Iwe ndiwe mwana wake? Mphumi ndi yomweyo. Anapita kuti mayi ameneyu?"

Nditawauza kuti anamwalira, onse anasiya ntchito. Gogoyo anati munthu yemwe ndikumufunayo amakhala kuseri kwa chilumba, ndipo anaitana mdzukulu wake kuti andiperekeze.

Tinayenda pafupifupi maola awiri m'kanjira kokwera ndi kutsika. Pa Chisi, lomwe ndi dera la mfumu yaikulu Mkumbira, sindinaonepo galimoto. Miyala yake ndi yakuthwa, ina yofiirira ngati dzimbiri, ina yotuwa. Timinda tokanirira m'mbali mwa phiri, mbuzi, ana akusenza madzi. Mnyamatayo anali opanda nsapato koma ine wa nsapato ndi amene ndinkatsalira.

Gombe la zii

Kenaka tinatsetsereka n'kutulukira pa kagombe kakang'ono. Kutalika kwake mwina ngati mzere umodzi wa mabenchi pamsika wathu. Mbali zonse ziwiri kuli miyala, pakati timiyala tosalala ndi kamchenga kotuwa kosakanikirana ndi zigoba za nkhono. Kumtunda mlambe umodzi waukulu, pansi pake nyumba ziwiri zofolera udzu. Bwato limodzi lakutha litagadabuzika, miono itatu itatsamira pamwala. Basi.

Agogo aakazi omwe tinawapeza akusankha nyemba anati bambowo apita kukaonjola miono, abwera dzuwa likapendeka. Anandiyalira mphasa pansi pa mlambe osandifunsa zambiri. Mnyamata uja anabwerera.

Inu anzanga a pamsika, ndi liti lomwe munakhalapo malo opanda phokoso? Ine chibadwire makutu anga anazolowera mahutala, mawailesi atatu olimbana nyimbo, wokhometsa msonkho, woledzera ndi mlaliki wa chimkuzamawu. Apa ndinkamva timafunde tikunyambita miyala, nkhwazi ikulira kamodzi pa nthawi, ndi m'mimba mwanga momwe. Poyamba ndinachita mantha ngati ndaiwala kanthu kena. Dzanja linkangopita m'thumba kufuna chenje chopatsa munthu yemwe kunalibe.

Kum'mawa kunkaoneka mapiri a ku Mozambique. Nditasuzumira kumwera, mitambo inali itayera, ndipo phiri la Mulanje linali apo, lonse lathunthu, labuluu, likuoneka ngati layandama. Zaka zonsezi ndakhala patsinde pake ndinali ndisanalione lonse nthawi imodzi. Ndinaganiza kuti mayi ankakhala pamwala womwewu n'kumayang'ana kwawo.

Madziwo ankakopa, koma sindinasambe. Likodzo m'nyanja imeneyi ndi losasowa, ndipo zigoba za nkhono zija zinandikumbutsa. Ndinangovula nsapato n'kupondetsa mapazi pa miyala yofunda.

Tsono poti pamalo a zii munthu umamva maganizo ako omwe, Satana naye anapeza mpata. Anati: taona, mwiniwake kulibe. Siya envulopu kwa agogowa, unene kuti ndi ya mayi wa zinanazi, uthamangire boti la masana. Buku likuti K18,000, iwe wapereka K18,000, watha. Koma ine ndine wa geni, masamu ndimawadziwa. Mu 2018 ndalama imeneyi inkagula matumba awiri a chimanga. Mu Juni 2024 sinkakwana ngakhale thumba limodzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nambala ya m'buku inali yomweyo koma mkati mwake munali mutadyedwa ndi anankafumbwe.

Kawiri konse ndinaimirira. Kawiri konse ndinakhalanso pansi. Sindinganame kuti unali ulemu wokha: njira yobwerera sindinkaidziwa bwino.

Mlandu pansi pa mlambe

Dzuwa litapendeka kunatulukira bwato. Mkulu wamtali, wowonda, wa ndevu zoyera, akukankha ndi nsungwi mosafulumira. Ndinathandiza kukokera bwato kumtunda. Munali milamba isanu ndi makumba ochepa. Titakhala pansi ndi kulonjerana, ndinatulutsa zinanazi ndi tiyi. Mkuluyo anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Wakutuma ndi mayi ako?"

"Agogo, mayi anatisiya mu 2019."

Agogo aakazi anagwira kumutu n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, ngakhale panali patapita zaka 5. Bambowo anavula chipewa. Patapita kanthawi mayiwo anati: "Mwananga, utikhululukire. Ife tinkati anatithawa. Dzina lake ndalitchula moipa pakhomo pano kambirimbiri."

Apo ndi pomwe ndinamvetsa zomwe atsibweni ankanena.

Ndinatsegula kope, ndinawerenga mzere uja mokweza, n'kuika envulopu pamphasa. Bambowo sanaigwire. Anatuma mwana kukaitana mkulu wina wa komiti ya pagombe kuti akhale mboni. Atafika, anayamba kulankhula.

"Nyanja iyi ndaiona ikuuma. Mu 1968 ndinali mnyamata. Mu 1995, chaka chotsatira mavoti a matipate, tinkayenda wapansi kupita ku Kachulu, fumbi likutuluka pomwe lero pali madzi. Mu 2018 mayi ako anatenga nsomba zanga zomaliza. Ndinamupatsa chifukwa zaka zonse sanandinamizepo. Kenaka madzi anathawa. Chaka chimenecho pakhomo pano tinadya madeya ndi phala la malambe. Ine sindinakongoze mapepala, mwanawe. Ndinakongoza nsomba, ndipo nsomba zimenezo zinali matumba awiri a chimanga."

Mtima unagunda. Matumba awiri pa mtengo wa nthawi imeneyo akanadya envulopu yonse ndi pafupifupi theka la mpamba, mpamba woti si wanga, wa chiongoladzanja, womwe amayi a ku banki m'khonde ankaudikira mwezi ukatha. Ndinaona nkhope ya mayi a kunyumba. Ndinafuna kunena kuti buku ndi buku. Koma ndikanakhala ine wokongoza, ndikanavomera? Ndinameza malovu n'kunena kuti: "Agogo, mwanena zoona. Ndilipira."

Ndinatembenuka kuti ndisolole ulusi wa m'thalauza. Mkuluyo anakweza dzanja.

"Dikira. Thumba limodzi ulipire, chifukwa ngongole ndi ngongole, ndipo chaka chino njala yafikanso. Thumba linalo ndi chipepeso changa. Maliro a mayi ako sindinafike."

Mboni ija inavomereza ndi mutu. Tinawerengera mtengo wa thumba limodzi monga unalili pa Kachulu, ndinaonjezera pa envulopu kuchokera ku mpamba, mboni inawerenga kawiri. Ndinapereka cholembera kwa mkuluyo kuti akhwatche yekha. Anaseka nati sukulu inamudutsa patali. "Khwatcha ndiwe, ine ndikuona." Ndinakhwatcha. Dzanja linkanjenjemera ngati ndikusaina ku khoti.

Usiku umenewo tinadya nsima ya mlamba wauwisi, n'kumalizira chinanazi. Ndinagona pakhonde mafunde akundiimbira. Udzudzu unalipo, koma sindinaumve.

Kubwerera

M'mawa anandiperekeza kwa mwana wawo wamkazi yemwe amayanika matemba. Ndinapikula ndi ndalama zotsalazo, katundu wochepa kusiyana ndi yemwe ndinalinga, koma wouma bwino, wopanda mchenga, ndiponso pa mtengo wa pagombe wopanda dzanja la munthu wapakati. Kunyumba nkhani inavuta masiku atatu. Ngongole ya ku banki m'khonde tinaimaliza mochedwa ndi mwezi umodzi, ndipo tinalipira chindapusa. Sindikubisirani. Koma kuchokera nthawi imeneyo ndikamuimbira mayi ameneyu amandisungira katundu ngakhale ndisanatumize kobili, chifukwa amati ndine mwana wa mayi wa zinanazi.

Kwa inu ofuna kukaona kapena kukapikula, tamverani. Olokani m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo boti likadzaza mopitirira musakwere, dikirani lina ngakhale woyendetsa akunyozeni. Tengani madzi anu akumwa kapena mankhwala othira m'madzi, pakuti kolera sachedwa kubuka m'madera a nyanja imeneyi, ndipo mukukumbuka momwe anatipululira mu 2022 ndi 2023. Musasambe m'nyanja. Kumbukiraninso kuti kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndiye musakavutitse asodzi kuti akubereni timatemba ta makanda, mukudzidula nokha mpamba wa chaka chamawa.

Ndipo inu nonse osunga kabuku, mukamalemba ngongole musamalembe makwacha okha. Lembani ndi katundu yemwe: mabeseni angati, matumba angati, tsiku liti, dzina lenileni la munthu ndi mudzi wake. Ana anu asadzavutike kufunsa mlambe uliwonse ngati ine.

Kope la mayi ndinalibweza m'jumbo lake. Tsamba lakumapeto ndi loyera tsopano. Koma masamba akutsogolo aja, a anthu omwe anatenga matemba kwa mayi osalipira, ndikuwawerengabe madzulo aliwonse. Ena mwa inu mumadutsa pa benchi yanga tsiku la msika n'kundipatsa moni. Inu simufunika boti.